MAWU A MLANGIZI: Njerwa za Galasi M'khoma la M'kati mwa Nyumba

Mlungu uno sindinena za mizere kapena za manyowa ai. Ndifuna tikambirane za chipinda cha mdima chimene chili m'nyumba zambiri za njerwa m'midzi mwathu, ndi za njira imodzi yolowetsera kuwala m'menemo.

Tsiku lina ndinapita kukacheza kwa mlimi wina wa m'dera langa. Munthu ameneyu ndi wakhama ndithu. Anakolola bwino, anamanga nyumba ya njerwa zootcha, nafolera ndi malata. Poopa akuba sanamange nkhokwe panja, koma anaika chimanga chake m'matumba nachisunga m'chipinda cha pakati chopanda zenera. Tinalowamo dzuwa lili paliwombo, koma tinachita kuunika ndi tochi ngati usiku. Titasuntha matumba a kutsogolo tinapeza ufa uli mbuu pansi. Anankafumbwe anali atalowa kale m'matumba a kumbuyo, ndipo makoswe anaboola ena nakonza zisa zawo pangodya. Mayi a pakhomopo anati, "Alangizi, ine ndimangotenga thumba limene dzanja lakhudza. Kumbuyoko ndingaone bwanji?" Mayiwo sanalakwe. Chakudya cha miyezi ingapo chinaonongeka chifukwa palibe amene anatha kuona zimene zinali kuchitika m'chipindamo.

Mdima m'nyumba uli ndi zoipa zinanso. Udzudzu umakonda kubisala m'malo a mdima usana, ndipo mphemvu, zinkhanira ndi njoka zichita chimodzimodzi. Mayi posesa saona zinyalala za m'ngodya. Mwana wa sukulu ayatsa koloboyi kapena tochi usana kuti apeze kope lake, ndipo ndalama zili kuthera ku mafuta ndi mabatire pamene dzuwa la ulere lili kuwala panja.

Chipinda chimene chili ndi khoma loyang'ana kunja, mankhwala ake ndi zenera basi. Koma chipinda cha pakati, kapena kanjira ka pakati pa zipinda, kalibe khoma lotere. Pamenepo mpofunika kubwereka kuwala ku chipinda china chimene chili ndi zenera, monga pabalaza. Ena amangoboola khoma nasiya bowo. Bowo lilowetsa kuwala inde, koma lilowetsanso utsi, makoswe, phokoso ndi maso a alendo. Njerwa za galasi zitseka bowo lija koma kuwala kumapitabe.

NJERWA YA GALASI NCHIYANI?

Ena a inu mwaziona m'makoma a zipatala, a masitolo kapena a nyumba za m'tauni. Njerwa imeneyi ipangidwa ndi mbale ziwiri za galasi lochindikala zimene amaziphatikiza zili zamoto, ndipo m'kati mwake mutsala mphako. Si chinthu cha dzulo ai. Mmisiri wina wa ku Switzerland, dzina lake Gustave Falconnier, anayamba kupanga njerwa zamphako za galasi m'zaka za m'ma 1880, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mafakitale a ku America anayamba kuzipanga zambiri ndi makina. Zimene mudzapeza kawirikawiri m'masitolo a zipangizo zomangira ndi za masentimita 19 m'litali, 19 m'lifupi ndi 8 kuchindikala kwake. Imodzi ilemera kupitirira pang'ono makilogalamu awiri.

Zilipo zoonekera bwino ndi zina za mafundemafunde. Kwa inu ndinena kuti gulani za mafunde zopanda mtundu. Zimenezi zimwaza kuwala m'chipinda monse, ndipo munthu wa mbali ina aona chithunzithunzi chabe. Zobiriwira ndi zofiira nzokongola, koma zichepetsa kuwala kumene muli kufuna.

Musanagule, dziwani zinthu zitatu. Choyamba, njerwa ya galasi sisenza katundu. Ingathe kusenza zinzake zokha, koma khoma kapena denga likaitsamira idzasweka. Chachiwiri, siipanga kuwala, ingopititsa kumene kulipo. Ngati pabalaza panu pali kazenera kakang'ono kamene mumakatseka ndi thabwa tsiku lonse, musataye ndalama zanu. Yambani mwakonza zeneralo. Chachitatu, siipititsa mpweya. Za ichi ndinenanso kumapeto.

KUSANKHA MALO

Funsanani ndi mayi a kunyumba, pakuti iwo ndiwo adziwa ngodya imene iwavuta. Tsiku lina imani m'chipinda chowala mmawa, masana ndi madzulo, muone khoma limene kuwala kwa zenera kumagwerapo kwambiri. Khoma loyang'anizana ndi zenera ndilo labwino koposa.

Ikani mpata wanu m'mwamba, kupitirira mutu wa munthu woimirira ngati khoma lilola. Kuwala kochokera m'mwamba kufika patali m'chipinda, ana sangamenyepo ndi ndodo, ndipo matumba mukawasanja sadzatsekereza. Ngati chipindacho nchogona, kumbukirani kuti usiku nyali ikayaka m'katimo zithunzithunzi zioneka kwa okhala pabalaza. Apongozi akabwera kudzacheza mudzathokoza kuti munaika m'mwamba.

Musaboole pafupi ndi ngodya ya nyumba kapena pafupi ndi chitseko. Siyani masentimita 60, ndiwo mapazi awiri, kapena kuposerapo. Dziko lathu limagwedezeka nthawi zina, monga ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, ndipo ming'alu imakonda kuyambira pa ngodya za mazenera ndi zitseko. Khoma lokhala ndi mipata yoyandikana lilibe mphamvu.

Tsono yang'anani pamwamba pa khomalo. Kodi pagona mtanda wa denga? Kodi pali mzati wochirikiza mitengo ya malata? Ngati ulipo, musaboole pansi pake. Sunthirani pambali, kapena itanani mmisiri wodziwa. Onaninso ngati m'khomamo mwadutsa waya wa magetsi kapena wa sola. Khoma la mdindo, la phaso lomata ndi dothi, ndi khoma lililonse limene lili ndi mng'alu kale, musaliboole konse. Khoma la zidina lingatheke, koma mpata ukhale waung'ono ndipo mmisiri akhalepo.

KUYESA MPATA

Pakati pa njerwa ndi njerwa pafunika sentimita 1 ya matope, ndipo m'mbali monse mufunikanso sentimita 1. Kotero kuwerengera kwake nkosavuta: chulukitsani chiwerengero cha njerwa ndi 20, ndipo onjezani 1. Njerwa 3 m'lifupi zifuna masentimita 61. Mizere 2 kukwera m'mwamba ifuna masentimita 41. Mpata wa 61 ndi 41 ulowa njerwa 6, ndipo pa chipinda chaching'ono cha m'mudzi zimenezi zithandiza kale. Wofuna kuwala kochuluka achite mipata iwiri yotalikirana m'malo mwa umodzi waukulu.

Gulani njerwa poyamba, muziyale pansi ndi kuziyesa ndi tepi, ndipo pambuyo pake mulembe pakhoma. Njerwa ya dothi mungathe kuidula ndi mpeni womangira ikakula, koma ya galasi siidulika. Mpata ukachepa ndi chala chimodzi, ntchito yonse yaima. Gulani imodzi yapadera, ndipo ponyamula pa njinga kapena pa galimoto zikulungeni m'masaka kapena m'udzu kuti zisagundane.

MTANDA WA PAMWAMBA

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Pamwamba pa mpata payenera kukhala mtanda wa konkire, umene amisiri amautcha lintala, wosenza njerwa za pamwamba ndi kupereka kulemera kwake ku khoma la m'mbali. Ine ndemwe ndinalakwapo pa chimenechi. Ndinaboola khoma la kanjira ka m'nyumba mwanga ndi kunena mumtima kuti mpata waung'ono chotere sufuna mtanda. Miyezi ingapo itapita mzere wa njerwa za pamwamba unatsika pang'ono, mng'alu unakwera mpaka kudenga, ndipo njerwa imodzi ya galasi inang'ambika. Ndinalipira kawiri, ndipo mmisiri amene ndinakana kumuitana poyamba ndiye anadzakonza. Safunsa anadya phula.

Mtanda upitirire mpata ndi masentimita 15 kapena 20 mbali iliyonse. Pa mpata wa masentimita 61, mtanda wa mita imodzi ukwana bwino. Uumbeni pansi m'chikombole cha matabwa, m'lifupi mwake molingana ndi khoma, msinkhu wake wolingana ndi mizere iwiri ya njerwa. Sakanizani muyeso 1 wa simenti, 2 ya mchenga wa kumtsinje ndi 4 ya miyala ing'onoing'ono. Ikanimo zitsulo ziwiri za mamilimita 10 chakumunsi, koma konkire izikute ndi chala chimodzi kapena ziwiri. Lembani chizindikiro kumtunda kuti musadzautembenuze poika, pakuti zitsulo zigwira ntchito zikakhala kumunsi. Uphimbeni ndi masaka onyowa ndi kuthirira masiku 7, ndipo musafulumire kuunyamula. Mukaupatsa milungu iwiri kapena itatu muchita bwino. Konkire imalimba ndi chinyezi, siilimba ndi dzuwa.

Mtanda ulowe m'khoma mpata usanabooledwe. Ngati pamwamba pangotsala mizere yochepa ya njerwa ndipo palibe chogonapo, njira yabwino ndi kuphwasula mizere imeneyo kuchokera pamwamba, kugoneka mtanda, ndi kumanganso. Ngati mizere ili yambiri, mmisiri achotse njerwa za pamalo a mtanda pokha, atachirikiza za pamwamba, alowetse mtanda ndi kutsendera matope mwamphamvu pamwamba pake. Pa khoma la mainchi 9 achite mbali imodzi ndi mtanda wake, ilimbe, ndipo pambuyo pake mbali inayo. Dikirani mlungu wathunthu musanachotse njerwa za pansi pa mtanda.

Pochotsa njerwa yambani pamwamba kutsika pansi, imodziimodzi, mukukumba matope a pakati ndi tchizulo. Musamenye khoma ndi nyundo yaikulu ngati muli kuswa mwala, chifukwa mudzagwedeza khoma lonse. Tulutsani ana, matumba a chakudya ndi ziwiya, ndipo tetezani maso anu. Mukatha, salazani mbali zonse za mpata ndi pulasitala, muyese ndi levulo, muonenso kuti 61 ndi 41 zija zatsala zathunthu pulasitala atalowa.

KUMANGA NJERWA ZA GALASI

Sakanizani muyeso 1 wa simenti, theka la muyeso wa laimu ndi miyeso 4 ya mchenga wosefa bwino. Mchenga ukhale wopanda timiyala, pakuti kamwala kamodzi kotsamira galasi kangathe kuling'amba. Madzi akhale ochepa kuposa amene muthira pomanga njerwa za dothi. Njerwa ya dothi imamwa madzi ndipo matope agwira msanga, koma galasi silimwa. Matope akakhala a phalaphala njerwa zidzaterereka ndi kumira. Matope abwino ndi amene mukawaumba m'dzanja akhala chibulumwa osayenderera. Simenti ndi laimu zimadya khungu, kotero valani kanthu m'manja ndipo sambani mukatha.

Galasi limafutukuka kukatentha ndi kubwerera kukazizira, ndipo khoma nalo limasuntha pang'ono. Chifukwa chake njerwa za galasi sizifuna kupanikizidwa. Pansi pa mpata yalani kapepala ka pulasitiki wakuda amene amisiri amayala pa maziko. M'mbali ziwiri ndi pamwamba ikani kansalu ka siponji kochindikala sentimita 1. Chidutswa cha matiresi akale chigwira ntchito. M'malo amenewa musaikemo matope.

Yalani matope pansi, mukhazike njerwa yoyamba pangodya. Pakani matope m'mbali mwa yachiwiri ndi kuikankhira kwa yoyamba ndi dzanja. Ikafuna kugogoda, gogodani ndi chigwiriro cha mtengo, osati chitsulo. Kuti mipata ilingane, masitolo ena agulitsa timitanda ta pulasitiki toika pa ngodya za njerwa. Mukapanda kutipeza, semani timitengo tochindikala sentimita 1, tikhale pakati pa njerwa mpaka matope atagwira, ndipo mutizule ndi kutseka mabowo ake. Yesani mzere uliwonse ndi levulo, chogona ndi choimirira.

Mzere woyamba ukatha, yalani matope, mugoneke waya wochindikala wosachita dzimbiri kapena kachitsulo ka mamilimita 6 pakati pa matopewo. Nsonga zake zilowe m'timabowo tobooledwa m'khoma mbali zonse ziwiri. Chitsulochi ndicho chigwira njerwa kuti zisagwe wina akatsamira, koma chisakhudze galasi. Njerwa za galasi zisanjidwa imodzi pamwamba pa inzake molunjika, sizilumana monga zichitira njerwa za dothi. Ngati mizere ili yoposa itatu, musaimalize tsiku limodzi, chifukwa kulemera kwa za pamwamba kudzafinya matope a pansi.

Patapita ngati ola limodzi, matope atayamba kugwira, salazani mizere ndi kamtengo kosalala kapena ndi kachidutswa ka paipi. Pukutani galasi ndi nsalu yonyowa tsiku lomwelo, mukuchapa nsaluyo kawirikawiri. Mawa lake pukutani ndi nsalu youma. Simenti akaumira pa galasi avuta kuchotsa, ndipo mukapala ndi mpeni kapena kukwecha ndi mchenga mudzalikanda. Patapita masiku angapo tsekani m'mbali ndi pamwamba, pamene pali siponji paja, ndi phula lofewa la m'chubu limene m'masitolo alitcha silikoni.

Potsiriza pakani laimu woyera m'chipinda chonse ndi m'mphepete mwa mpata, ndiponso khoma la pabalaza. Khoma lakuda limeza kuwala, loyera likubweza. Ndowa imodzi ya laimu idzachulukitsa phindu la njerwa zanu.

KWA AMENE ALIBE NDALAMA ZA NJERWA

Mabotolo oyera a galasi angathe kugwira ntchito yofanana, ngakhale kuwala kwake nkochepa. Amisiri ena amadula mabotolo awiri pakati, naphatikiza matako ake awiri kukamwa ndi kukamwa kuti utali wake ulingane ndi kuchindikala kwa khoma, namanga ndi tepi yomata, ndi kuwagoneka m'matope. Atsukeni ndi kuwaumitsa bwino asanatsekedwe, kuti m'kati musamere ndere. Botolo limene munali mankhwala a mbewu kapena a ziweto musaligwiritse ntchito konse. Galasi lodulidwa ndi lakuthwa, ana asayandikire. Lamulo la mtanda wa pamwamba lili chimodzimodzi. Njira ina ndi kuchotsa lata limodzi pamwamba pa chipindacho ndi kuikapo lata loonekera, ngati nyumba ilibe siling'i. Koma lata lotere lilowetsa kutentha, ndipo likakhomedwa mosasamala lidontha.

ZA MBEWU NDI ZA MPWEYA

Alimi a mbatata ya kachewere ku Dedza, ku Ntcheu ndi kwina, mverani ichi. Mbatata ya mbewu ikasungidwa mu mdima itulutsa mphukira zazitali, zoyera ndi zofooka, zimene zithothoka pobzala. Ikasungidwa poyalidwa bwino m'malo owala koma osafika dzuwa lenileni, mphukira zake zikhala zazifupi, zonenepa ndi zolimba. Kuwala kwa njerwa za galasi nkotere, ngati chipindacho chilinso ndi mpweya wokwanira. Koma mbatata yodya ifuna mdima. Ikaona kuwala isanduka yobiriwira, iwawa, ndipo mbali yobiriwirayo ili ndi ululu wodwalitsa. Yodya muiphimbe ndi masaka kapena muisunge kwina.

Chimanga, mtedza ndi nyemba zikhale pa thandala, matumba osakhudza pansi kapena khoma, ndipo musiye kanjira kozungulira kuti munthu athe kuona kumbuyo. Kuwala sikupha nankafumbwe kapena kapuchi ai. Kungokuthandizani kuona ufa pansi, ndowe za makoswe ndi chinyezi pakhoma zinthu zisanaipe. Kuumitsa bwino, kuthira mankhwala oyenera kapena kusunga m'matumba osalowa mpweya kuli pomwepo.

Tsono za mpweya. Chipinda chikawala, munthu aganiza kuti chili bwino, koma njerwa za galasi zatseka ndithu ngati khoma. Siyani timabowo ta mpweya pamwamba pa chitseko kapena pamwamba pa khoma, totchinga ndi waya wa sefa kuti makoswe asalowe. Ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala atulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene ugonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Mabanja ataya ana ndi akulu chifukwa cha chimenechi.

Nthawi yabwino ya ntchito imeneyi ndi chilimwe, zokolola zitalowa ndipo ntchito ya kumunda isanayambe. Koma ndikupemphani, musagulitse chimanga cha chakudya kuti mugule galasi. Patulani poyamba chakudya chofika mpaka kukolola kwina, ndalama za mbewu, za feteleza ndi za sukulu. Zikatsalapo, pitani kusitolo mukafunse mtengo, mufunsenso mmisiri za malipiro ake, muwerengere zonse pamodzi ndi simenti, laimu ndi zitsulo musanayambe. Ngati anansi awiri kapena atatu afuna ntchito yomweyi, gulani thumba la simenti limodzi mugawane, ndipo chikombole cha mtanda chikhale chimodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mlimi ndinanena poyamba uja anaika njerwa 6 m'khoma la pakati pa balaza ndi chipinda cha matumba, napaka laimu, nakonza thandala. Pamene ndinapitanso, mayi aja anandilowetsa m'chipindamo popanda tochi nandionetsa msampha umene anatchera pangodya pamene anaona ndowe za khoswe tsiku lomwelo.

Amene ali ndi funso afunse mlangizi wa m'dera lake kapena alembe kalata ku nyuzipepala ino. Mlungu wa mawa tidzakamba za kukonza thandala la matumba ndi kutchinga makoswe.

Tsalani bwino.

Ine wanu,
MLANGIZI